Mwana wathu wakwanitsa zaka 5: zikomo nonse, zikomonso mayi Anne Wojcicki

Mwana wathu wakwanitsa zaka 5, ndipo adokotala atiuza kuti asiye penisilini amene wakhala akumwa m'mawa ndi madzulo kuyambira ali khanda. Makolo a ana odwala sickle cell, matenda a magazi akumtundu amene mwana wathu anabadwa nawo, akudziwa kukula kwa nkhaniyi, chifukwa zaka zoyambirirazi ndi zimene matenda ngati chibayo amatenga ana ambiri. Ine ndi bambo ake tati tithokoze poyera.

Amayi, munachoka ku Zomba kudzazizidwa ndi chisanu cha ku Indiana kuno ku America chifukwa cha mdzukulu wanu. Usiku uja manja ndi mapazi ake atatupa, akulira osalola kumukhudza, ndinu munkamufunditsa nsalu zofunda n'kumamwetsa madzi pang'onopang'ono ndi supuni mpaka tinafika kuchipatala. Mulungu akusungeni. Abale a mpingo wathu kuno ku South Bend, munatiphikira, munatisungira ana, munatiyendetsa pa galimoto thupi lake likatentha pakati pa usiku. Manesi ndi madokotala amene munatiphunzitsa kupapasa kapamba wake ndi kumupatsa mankhwala a hydroxyurea, zikomo kwambiri.

Pali munthu mmodzi amene sakutidziwa n'komwe, koma ndikufuna ndimutchule: mayi Anne Wojcicki a ku California. Anaphunzira sayansi ya zamoyo ku yunivesite ya Yale, kumaliza mu 1996, kenako anakhala zaka pafupifupi 10 akulangiza anthu oika ndalama m'makampani a zaumoyo. Mu 2006, pamodzi ndi Linda Avey ndi Paul Cusenza, anayambitsa kampani ya 23andMe. Mfundo yawo inali yakuti munthu wamba ali ndi ufulu wodziwa zimene zalembedwa mu DNA yake, malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo, osadikira kuti adwale kaye. Umalavulira malovu m'kabotolo, kutumiza pa positi, zotsatira n'kukupeza pa intaneti. Poyamba mtengo unali madola 999. Pofika 2012 unatsika kufika madola 99.

Mu November 2013 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawaletsa kuuza makasitomala za matenda, ponena kuti sanapereke umboni wokwanira woti zotsatira zawo n'zodalirika. Ambiri anati kampani yatha. Mayiwa sanathawe, anagwira ntchito ndi bungwelo mpaka mu 2015 analoledwa kuuza anthu ngati anyamula matenda ena akumtundu amene angapatsire ana awo ngakhale iwo eni sakudwala, ndipo sickle cell inali pamndandandawo. Kuuma mutu kumeneko n'kumene kunatithandiza ife.

Tinagula timabotolo tiwiri mongosewera, kufuna kuona kumene makolo athu anachokera. Zotsatira zitabwera, tonse awiri tinapezeka kuti tinanyamula sickle cell, ngakhale palibe anadwalapo. Adokotala anatiyezanso magazi n'kutsimikiza, ndipo anatifotokozera kuti pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Tinalira, tinapemphera, tinawerenga. Mwana atabadwa, magazi a pachidendene anasonyeza zimene tinkaopa zija, koma anatipeza okonzeka. Zinatimasuliranso nkhani yakale ya m'banja mwathu: mchimwene wa amayi anamwalira ali wamng'ono, maso achikasu, mafupa akuwawa, anthu n'kumaloza chala agogo ena a m'mudzi. Amayi atamva za DNA anakhala chete tsiku lonse.

Sindikunena kuti mayi Wojcicki ndi mngelo. Kampani yawo italowa pamsika wa masheya mu 2021, mtengo wake unafika pafupifupi madola 6 biliyoni, kenako unagwa chagada, chifukwa munthu amayezetsa DNA kamodzi kokha, sabwereranso kudzagula. Mu 2023 akuba a pa intaneti anapeza zinsinsi za anthu pafupifupi 6.9 miliyoni. Mu September 2024 mamembala 7 a bodi anatula pansi udindo tsiku limodzi, patangopita mwezi Susan, mchemwali wamkulu wa mayi Anne, yemwe anatsogolerapo YouTube, atamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Mu March 2025 kampani inalengeza kuti ngongole zaikulira, mayi Wojcicki nawonso anasiya utsogoleri. Funso linali lakuti DNA ya anthu mamiliyoni igwera m'manja mwa ndani. Kampani ya mankhwala ya Regeneron inalonjeza madola 256 miliyoni, koma mayiwa anabwereranso ndi bungwe lawo losapanga phindu la TTAM Research Institute n'kugula ndi madola 305 miliyoni. Ena akuti ndi kukakamira chabe. Mwina n'zoona, koma kukakamira komweko n'kumene kunatipatsa nthawi yokonzekera mwana wathu, ndiye ine ndikuti zikomo, mayi.

Lamlungu likubwerali tikapereka chopereka chothokoza kutchalitchi, kenako nonse mubwere kunyumba. Amayi alonjeza thobwa ndi nkhwani wotendera, ndipo mwini tsikulo waitanitsa keke ya chokoleti.