Funso limodzi lokha

Anyamata a pabawo, ndamva kuti mwayamba kunditchula kuti "Loya". Dikirani ndifotokoze ndekha, chifukwa amene akukuuzaniyo anakhala benchi yakumbuyo, ndipo nthawi yambiri amawodzera.

Loya sindinamufune, ndipo mpaka lero ndikuti ndinaganiza bwino. Ukwati wathu unali wa chinkhoswe, ndiye nkhani youthetsa imathera kwa majisitireti, osati ku High Court kwa amikanjo kuja. Umapita kwa kalaliki, kulipira chisamani, akupatsa tsiku, basi. Wina anandiuza za a Legal Aid Bureau amene amathandiza osowa ndalama, koma ine ndikaime pamzere n'kumalengeza umphawi wanga, alamu anga akumva? Ayi. Komanso lamulo la maukwati la 2015 ndinalimvako pawailesi: chachikulu n'kuonetsa kuti banja lafika posakonzeka. Pamenepo ngakhale galu wa aneba akanandiikira umboni.

Ndinabwereka jekete, n'kunyamula chikwama cha laputopu. Munali risiti ya chisamani ndi zitumbuwa.

Mbali yanga inayenda bwino zedi. Ndinagwira Baibulo, ndinalumbira, n'kufotokoza kuti mayi a kunyumba amayamba kulongolola tambala asanalire. Iwo atapatsidwa mpata wondifunsa anangoti, "Ndilibe funso, bwana." Mumtima ndinati, agonja awa.

Itafika nthawi yawo sanachulutse gaga. Anati, "Bambowa sagona pakhomo." Basi. Woweruza anandiyang'ana: "Bambo, muli ndi funso kwa mboniyi?"

Abale, ndinadzuka bwinobwino. Ndinamanga batani la jekete, manja kumbuyo, n'kuyenda pang'ono kulowera kuzenera ndi kubwerera, kuti khoti lonse lione nsapato. Ndinakhosomola. Kenako ndinati, "Mayi, mwalumbira pamaso pa Mulungu. Tauzani khoti lino, ndi liti, tsiku lake lenileni, limene ine ndinagona kunja?"

Ndinatembenukira kwa anthu kuti ndione mmene funsolo lawalowera.

Mayi aja anapisa m'jumbo n'kutulutsa kope. Kopelo ndimalidziwa. Iwo ndi mlembi wa banki m'khonde, ndipo zaka zonsezi ine ndimayesa amalembamo ngongole za azimayi anzawo. Ananyowetsa chala, n'kutsegula chakumbuyo, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Ndiyambire chaka chiti, bwana?"

"Yambirani pomwe mwakonzeka, mayi."

"Pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe, anati minibasi yafera pa Zalewa. Pa 16, minibasi yomweyo. Pa 3 Malichi anati akupita kumaliro ku Balaka, anabwera ndi mchenga wakunyanja m'nsapato. Pa 6 Julayi anati akukaonera mpira pa Kamuzu Stadium. Mpirawo unatha pa 8."

Tsono dziwani kuti kukhoti chilichonse chimamveka kawiri. Mayi akanena, womasulira amabwereza m'Chingerezi mokweza, ndipo woweruza amalemba pamanja. Moti mchenga uja unalowa m'nsapato zanga m'zilankhulo ziwiri. Penapake woweruza anakweza dzanja, ine n'kuti ndapulumuka. Iye anati, "Pang'onopang'ono mayi, ndikulemba."

Ndinayesa: "Bwana, funso lija ndalibweza."

"Mwafunsa nokha bambo. Asiyeni ayankhe."

Ndipo ndinali chiimire. Palibe anandiuza kuti ndikhale, ndipo manja anali akadali kumbuyo, chifukwa sindinadziwe kwina kowaika. Jekete la eni linayamba kunyowa m'khwapa.

Mayi anatembenuza tsamba. "Mu Epulo anapita ku Ntcheu, azakhali awo amwalira. Mu Ogasiti anapitanso ku Ntcheu, azakhali omwewo amwaliranso."

Azakhaliwo anali pa benchi yachiwiri. Ndinawabweretsa ndine, thiransipoti ndinalipira ndine, kuti adzandilimbitse mtima. Anaika dzanja pachifuwa n'kufuula, "Ine?" Womasulira, munthu wokonda ntchito yake, anamasuliranso chimenecho. Wapolisi wapakhomo anatuluka panja, ndipo tonse timamumva akuseka kuseri kwa khoma.

Nditero kuti ena mwa masikuwo ndinalidi kumaliro enieni. Komanso pa Zalewa minibasi zimafa, funsani aliyense woyenda msewu wa M1. Kungoti mpata wofotokoza zimenezi unali utadutsa.

Atayitana ankhoswe ndinapumako, poti wa mbali yanga ndi malume anga enieni. Anavula chipewa n'kuti, "Bwana, mwanayu ndi wathu ndithu. Tinayesetsa kuwakhazika pansi. Koma kopelo silikunama." Woweruza anandifunsanso ngati ndili ndi funso. Ndinati ndilibe.

Ukwati unathetsedwa, zomwe ndinapitira, ndiye polankhula chilungamo mlandu ndinawina. Kungoti mayiwa kwawo ndi ku Thyolo, ndipo mwambo wa kumeneko umati mwamuna ammangire mkazi nyumba pamudzi pawo. Khoti linandikumbutsa zimenezo, n'kuwonjezera chithandizo cha ana mwezi ndi mwezi. Loya akanakhalapo nyumbayo ndikanamangabe, n'kumulipiranso iye, ndiye musandiuze zambiri.

Azakhali akuti poti anamwalira kawiri osalandira kanthu, ndiwatumizire chipepeso pa foni. Njerwa ndayamba kuumba. Amene ali ndi chikombole chabwino andibwereke, changa n'chopindika.