Njerwa za ku HHI: pomwe ndafika patatha miyezi isanu ndi iwiri

Ndinayamba mu Epulo, mvula itangokata. Ndinkafuna kujambula nyumba zakale za njerwa za mu Blantyre, imodzi pa mwezi, ndi kamera ya Nikon D3100 imene ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito pamodzi ndi lenzi yake ya 18-55mm. Lero ndi Loweruka loyamba la Novembala. Pa kompyuta pali zithunzi zoposa 1,900, ndipo zimene mtima wanga wakhutira nazo ndi 14. Nyumba zimene ndajambula ndi ziwiri zokha, osati zisanu ndi ziwiri, chifukwa imodzi mwa izo yanditengera pafupifupi Loweruka lililonse.

Ndikunena tchalitchi cha St Michael and All Angels, pa mishoni ya HHI (Henry Henderson Institute). Ndakhala ndikudutsa pamenepo kuyambira ndili mwana, ndipo maukwati a abale angapo anadalitsidwira momwemo, koma ndinali ndisanaimepo n'kuyang'ana khoma lokha. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, yemwenso anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892. Iye sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo amuna amene anamanga naye anali asanamangepo chinthu chachikulu chotere. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndi dothi la pomwepo. Olemba mbiri ya tchalitchichi amati mitundu ya njerwa zake ndi 81. Nditawerenga chiwerengerochi ndinaganiza zoti ndizisake imodziimodzi ndi kamera. Pano ndafika pa 23, ndipo zina mwa izo ndikukayika ngati zilidi zosiyana kapena ndi njerwa imodzimodzi yoikidwa motembenuza.

Epulo ndi Meyi anathera pa vuto limodzi: nsanja ziwiri za tchalitchichi zinkaoneka ngati zikugwa chagada. Ndinkaima pafupi, lenzi ili pa 18mm, pomwe imaona malo aakulu, n'kuloza kamera m'mwamba kuti nsonga zilowe. Pa chithunzi makoma ankapanikizana kumwamba ngati nkhokwe yoyamba kupendama. Poyamba ndinkawongola pa kompyuta, pogwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera zithunzi ya darktable, koma ukakoka mizere kuti iime chilili, m'mbali mumadulidwa, ndipo njerwa za pamwamba zimatambasuka n'kutaya kuthwa kwake. Pa chithunzi cha munthu mwina palibe angazindikire. Pa chithunzi cha njerwa, pomwe nkhani yonse ndi mizere ya matope pakati pa njerwazo, zimaonekeratu.

Mankhwala ake anali miyendo. Ndimabwerera m'mbuyo mpaka pomwe bwalo landilola, lenzi ndimaiika pa 45mm kapena 55mm, kamera ndimaikhazika pa thirayipodi osaipendeketsa ngakhale pang'ono. Pansi pa chithunzi pamalowa udzu ndi msewu wambiri, koma zimenezo ndimadula pambuyo pake. Ndinagula kalevulo kakang'ono ka madzi, konga ka amisiri omanga, kamene ndimakaika pamwamba pa kamera. Zoikira zake sindisinthasintha: ISO 100 (mphamvu yomvera kuwala), f/8 (kukula kwa bowo la lenzi), ndipo ndimatchera masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze kamera podina. Nditayamba kuchita zimenezi ndi pomwe ndinaona bwinobwino kuti nsanja ziwirizo sizofanana. Zokongoletsa za nsanja ina sizili pa inzake. Zaka zonsezi maso anga ankazifananitsa okha.

Za kuwala ndiye ndili nazo zambiri, chifukwa ndi zimene zandisunga pamalo amodzi.

Njerwa imafuna dzuwa lobwera cham'mbali. Likaomba khoma molunjika, khoma lonse limangokhala chinthu chimodzi chofiira, chosalala ngati lapakidwa penti. Likabwera mopendekera, njerwa iliyonse yotulukira kunja, ngakhale ndi theka la chala, imagwetsa kamthunzi kake, ndipo mapindikidwe a pamwamba pa mazenera amadzuka. Blantyre ili pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa equator, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, lotsika, moti ngakhale masana makoma ena amakhala ndi mithunzi yabwino pomwe a kumwera amakhala mu mthunzi tsiku lonse. Sabata inoyi ndi zosiyana. Masana dzuwa likumafika paliwombo penipeni, mthunzi wa munthu uli pansi pa mapazi ake, ndipo kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko palibe chimene ndingajambule. Kukucha 5 koloko isanakwane bwino. Lero ndinafika pa HHI 5:20, ndipo pofika 6:45 ndinali nditapinda kale thirayipodi.

Chithunzi chimene ndimachikonda kuposa zonse ndinachijambula tsiku limene ndinkaganiza kuti ndapita pachabe. Unali Loweruka la pakati pa Julayi, chiperoni chitagwira masiku atatu. Phiri la Ndirande silinkaoneka n'komwe. Ndinabisa kamera mu jumbo, n'kukhala pansi pa mtengo kudikira kuti kamvula kaleke. Njerwa zitanyowa zinasintha mtundu. Zimene pa dzuwa zimaoneka zofiira mofanana zinagawikana: zina zakuda ngati chiwindi, zimene zinapsa kwambiri pafupi ndi moto mu uvuni, zina zofiirira ngati katondo, zina zotuwa pomwe ndere zamera. Ndinayandikira kwambiri, mtunda wa mkono umodzi, n'kujambula njerwa khumi ndi ziwiri zokha, mizere inayi. Panalibe mthunzi uliwonse, mtundu wokhawokha. Kuyambira tsiku limenelo chiperoni chikayamba ndimatchaja batire.

Okutobala wandivuta. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimapangitsa thambo kukhala loyera ngati phala, ndipo kamera ikamayesa yokha mtundu wa kuwala, njerwa zimatuluka ngati malalanje. Tsopano ndimajambula mu RAW nthawi zonse, mtundu wa fayilo umene umasunga chithunzi kamera isanachikonze yokha, ndipo chithunzi choyamba cha tsikulo ndimajambula kapepala kotuwa kotsamira khoma, kuti pokonza ndikhale ndi poyambira. Thambo loyeralo ndangolisiya kunja kwa zithunzi.

Mu Ogasiti ndinapita ndi laputopu kwa malume ku Chiradzulu. Iwo anagwira ntchito yomanga zaka zoposa makumi atatu, tsopano maso ndi msana zinawakhazika pansi. Tinakhala pakhonde, ine ndikudutsitsa zithunzi. Za nsanja ndi za denga lozungulira ankangogwedeza mutu. Titafika pa cha chiperoni chija anandigwira dzanja.

"Taima kaye. Takulitsa apa."

Ndinakulitsa.

"Waona mzere uwu? Matope ake ndi onenepa kuposa wapansiwu. Njerwa za mzere umenewu zinatuluka zazing'ono mu uvuni, ndiye womangayo anawonjezera matope kuti afike pa chingwe. Akanapanda kutero, pofika pa zenera khoma likanapita kwina."

"Ndiye kuti analakwitsa, malume?"

"Ayi, mphwanga. Anakonza. Wolakwitsa sungamuone pano, khoma lake linagwa kalekale."

Anakhala chete pang'ono, kenaka analoza njerwa ina ya pakona imene inali ndi kadzenje kosaya m'mbali mwake. Anati chimenecho n'chala cha munthu amene anainyamula isanaume, pochotsa pa chikombole kupita nayo poyanika. Iwo aona zoterozo kambirimbiri pa njerwa zoumba pamanja. Ine ndinali nditachiyang'ana chithunzicho mwina maulendo makumi asanu, ndikusintha kuwala ndi mitundu, osakaona kadzenjeko.

Zimenezi zinasintha ntchito yonse. Dzina la Scott lili m'mabuku, ndipo n'loyenera kukhalamo. Koma amene anaponda dothi, amene anadula nkhuni, amene anachezera usiku kusonkhezera uvuni, amene anakwera pamwamba ndi njerwa pamutu, anali anthu a kuno, ndipo chimene ndingathe kujambula cha iwo ndi chimenechi: matope onenepa pa mzere umodzi, chala pa njerwa. Kuchokera mu Ogasiti zithunzi za tchalitchi chonse ndajambula zochepa kwambiri. Zoterozo zilipo kale zambirimbiri, pa mapositikhadi ndi pa intaneti, zojambulidwa ndi makamera oposa yanga. Ine ndikuyenda m'mbali mwa khoma pang'onopang'ono, kuyambira m'chiuno mpaka pomwe maso afika. Vuto ndi loti lenzi yangayi siyandikira mokwanira. Ndikusunga ndalama ya lenzi ya macro, yojambulira zinthu pafupi kwambiri, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pakadali pano ndikubwereka timagalasi tomangirira kutsogolo kwa lenzi, timene timathandiza koma m'mbali mwa chithunzi mumachita chimbuuzi.

Ulendo womwewo malume ananditumiza kudambo, komwe anyamata ena ankaumba njerwa zogulitsa. Ndinapempha kaye, ndipo anavomera nditalonjeza kuwatumizira zithunzi pa WhatsApp, zimene ndinachita. Mmodzi amaponda dothi m'dzenje, wina amaponya mu chikombole chonyowetsa cha njerwa ziwiri n'kusalaza ndi dzanja, wachitatu amathamanga nacho kukakhuthula pabwalo losesedwa, kenaka amafunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Pambali panali uvuni womata kale ndi matope, makomo ake a moto ali pansi, ndi mulu wa mitengo yaiwisi wotalika kundiposa. Muluwo unandikhumudwitsa, sindibisa. Phiri la kuseri kwa mudziwo linali ndi mitengo ndili mwana, pano ndi miyala yokha. N'chifukwa chake kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga salolanso njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zina zikuluzikulu, ndipo m'tauni mipanda ndi nyumba zatsopano zambiri ndi za mabuloko a simenti. Ndikugwirizana nazo. Komabe buloko la simenti ndaliyesa kulijambula m'mawa, madzulo ndi pa chiperoni, ndipo limatuluka chimodzimodzi nthawi zonse, lotuwa, lililonse lofanana ndi linzake. Ndikufuna kupeza nyumba yomangidwa ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira pa makina osawotcha, ndione ngati zimenezo zimalandira kuwala ngati zakalezi. Amene mukudziwa pomwe pali nyumba yotere yosapaka pulasitala, kufupi ndi Blantyre kapena Zomba, ndiuzeni.

Nyumba yachiwiri ndi Mandala House, ya 1882, imene kampani ya African Lakes inamanga, ndipo imatchedwa nyumba yakale kwambiri imene idakaimabe m'dziko muno. Dzinalo linachokera pa mandala amene John Moir ankavala m'maso. Ndapitako kawiri kokha. Kumeneko nkhani si njerwa koma khonde lozungulira ndi mizati yake, ndipo mkati mwa khonde mumakhala mdima pomwe kunja kukuwala kwambiri, moti kamera yangayi imalephera kugwira zonse ziwiri pa chithunzi chimodzi. Ndayesa kujambula katatu, chowala, chapakati ndi chakuda, n'kuziphatikiza, koma zotsatira zake zikuoneka zabodza. Ndidzabwererako mvula ikayamba, tsiku la mitambo.

Kutsukitsa zithunzi kunandipweteka mtima mwezi wathawu. Ndinasankha zinayi kuti zituluke pa A3, ndikapachike chimodzi kwa malume. Pamalo pomwe ndinapita, makina awo anawonjezera okha kuwala ndi mtundu, ndipo cha chiperoni chija chinatuluka chofiira ngati phwetekere, njerwa zakuda ndi zotuwa zonse zitafanana. Ndalama inapita. Mbali ina vuto linali langa: sikirini ya laputopu ndinkaiwalitsa mopitirira, choncho zimene ndinkaona ngati zili bwino zinali zakuda, makinawo n'kuyesa kuzikonza. Tsopano kuwala kwa sikirini ndakutsitsa kufika pa theka, ndipo ndisanalipire chachikulu ndimayamba ndatsukitsa kakang'ono ka 6x4, n'kuwapempha kuti azimitse zokonza zokha za makinawo. Kachiwiri zinatuluka bwino. Malume anachipachika pamwamba pa wailesi, ndipo akuti alendo akafunsa chifukwa chake pakhoma pali chithunzi cha khoma, amawaimiritsa n'kuwaonetsa chala chija.

Zimene zatsala chaka chisanathe: kumaliza khoma la mbali imodzi ya St Michael mpaka pakona, kulemba nambala pa mtundu uliwonse wa njerwa umene ndapeza ndi pomwe uli, kuti ndisamawerenge imodzi kawiri, ndiponso kupempha chilolezo kwa akuluakulu a mpingo kuti ndijambule mkati tsiku lopanda mapemphero, chifukwa mkatimo mufunika thirayipodi ndi masekondi angapo pa chithunzi chilichonse. Nyumba zakale za ku Zomba ndazikankhira chaka chamawa. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa chilumba cha Likoma, chimene anayamba kumanga mu 1903, chikudikira tchuthi ndi ndalama ya sitima ya Ilala.

Mitambo yayamba kusonkhana madzulo chakumwera. Mvula yoyamba ikagwa usiku, m'mawa mwake ndikhala pa HHI kusanache, fumbi la Okutobala litatsukidwa pa makoma, ndikajambulenso njerwa khumi ndi ziwiri zomwe zija, pamalo omwewo, ndione ngati mitundu ya mu Julayi ibwerera.