Ulendo wa makaundula onyowa

Tisanafike n'komwe kwa anzathu amene gulu lathu lolangiza achinyamata za HIV linkakacheza nawo, basi inatitimira m'matope. Amuna onse anatsika kukakankha, kupatula a msungichuma, amene anati chikwama cha gulu sichingatsale chokha pampando. Katoni ya makaundula athu inali pamwamba pa basi, mvula ikuchita nayo zimene ikufuna. Poitsitsa, inki inali itayenderera masamba onse. A mlembi anangoti kakasi, paja anachezera usiku kuwonkhetsa achinyamata amene anabwera kumisonkhano yathu ndi makondomu amene tinagawa.

Sanagonje ayi. Anaimirira pamaso pa anzathu otilandira n'kutchula ziwerengero zonse pamtima, ife m'manja wawawa. Kenako mayi wina wa kumeneko anafunsa motsitsa mawu: "Zikomo achimwene. Nanga mwa obwerawo, asintha khalidwe ndi angati?"

Apa m'pamene zinavutira. A mlembi akuti mwana akadziwa ndiye kuti wasintha. A wapampando akuti ngati zili choncho, atsikana amene amayankha bwino mafunso athu amatengeranji mimba? A mlembi akuti mukundinyoza pamaso pa alendo, kuiwala kuti alendo tinali ifeyo. Pachithunzi cha gulu mulibe nkhope yawo, musavutike kuifunafuna. Ine ndinali mbali ya a wapampando, koma ndinakhala chete poti pobwerera mpando wanga unali woyandikana ndi wa a mlembi.

Zophunzira zinalipo. Achinyamata azifunsidwa maphunziro asanayambe ndi pambuyo pake, ndipo tiziyerekeza ndi dera limene sitinafikeko. Aziyankha papepala lopanda dzina, chifukwa pamaso pa mlangizi aliyense amati amagwiritsa ntchito kondomu. Anzathu otilandira anatikumbutsa za MEMA kwa Vijana, pulogalamu yophunzitsa achinyamata za uchembere wabwino ku Mwanza, m'dziko la Tanzania: ophunzira anadziwa zambiri, koma poyeza HIV ndi mimba kusintha sikunaoneke. Pulogalamu ina yopewera HIV yotchedwa Stepping Stones ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa, malinga ndi zotsatira za 2008, inachepetsa kutenga kachirombo ka HSV-2, koyambitsa zilonda kumaliseche, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma osati HIV.

Tikuthokoza anzathu potipatsa malo oyanika makaundula, a dalaivala popirira nyimbo zathu, ndi achemwali aja amene anagona ulendo wonse koma akufotokoza nkhaniyi kuposa tonsefe. A msungichuma, nsapato zanu zoyera tinaziona. Mapepala a mafunso opanda dzina akulemba ndi a mlembi omwewo, anapempha okha.