Lachisanu, malaiti kulibe, tawerenga Yeremiya pa mphasa

Ndadzuka 5 koloko kupita ku Kapata kukaoda tomato, pobwerera dzuwa la Okutobala linali litakwiya kale, thukuta kamukamu. Kufika pakhomo ndapeza mng'ono wanga ali khale pakhonde, maso ofiira, phala lazizira m'mbale. Paja anamaliza kosi ya uphunzitsi kalekale ntchito osaipeza, ndiye mneneri wina anamuuza kuti dzina lake lituluka mwezi usanathe, iye nkupereka K300 ya mbewu, ndalama yoti anachita kubwereka. Maina atuluka, lake mulibe. Manje akuti zonse ndi bodza chabe, ngakhale maulosi a m'Baibulo anthu anangolemba zinthu zitachitika kale. Mawu amenewo andilasa mtima tsiku lonse.

Madzulo malaiti atapita ambuya anatiitana pa mphasa. Iwo anakulira ku Magwero komwe mishoni ya Dutch inayambira mu 1899, ndipo Buku Lopatulika lawo ndi lija lakale lolemba ca ndi ci, chikuto anachisokerera ndi kansalu ka chitenje. Ine kuunika ndi tochi ya foni, iwo kunyowetsa chala nkumatsegula mpaka Yeremiya 28. Akuti iwe mwana, aneneri otere sanayambe lero. Hananiya anaimirira m'kachisi nkulonjeza kuti zaka ziwiri zisanathe goli la Babulo lithyoka, anthu ndithu anamva kukoma, koma Yeremiya anali atanena kale kuti zaka 70, mawu owawa oti palibe anawafuna, ndipo sanalandirepo mbewu ayi, anachita kumuponya m'chitsime cha thope. Hananiya anafa chaka chomwecho. Ayuda anakhaladi ku ukapolo mpaka Koresi wa ku Perisiya atagonjetsa Babulo nkuwalola kubwerera kwawo. Kenako Deuteronomo 18:22, kuti mneneri akanena chinthu osachitika, Yehova sanamutume, usamuope.

Mng'ono wanga akuti chabwino ambuya, nanga zija zoti analemba pambuyo? Apa ndinalowererapo ine chifukwa nkhani iyi ndimaikonda zedi. Mu 1947 abusa a ziweto anapeza mipukutu m'mitsuko m'phanga la ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, umodzi unali wa Yesaya, machaputala onse 66, wokopedwa zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, ndipo mpaka lero ukusungidwa ku Yerusalemu. Chaputala 53 chilimo, munthu wolasidwa chifukwa cha zolakwa zathu, wotengedwa ngati nkhosa yokaphedwa osatsegula pakamwa. Ndinamuuzanso chilungamo kuti Ayuda ambiri amati mtumiki ameneyo ndi mtundu wa Israyeli, ife timaonamo Yesu pa mtanda, pamenepo anthu amatsutsana, koma zoti Akhristu anachita kulowetsamo mawuwo pambuyo ndiye ayi, mpukutu unalipo Mkhristu woyamba asanabadwe. Ine ndikachiwerenga chaputalachi thupi limachita tsembwe.

Sanayankhe kanthu. Anangopempha kuti ambuya amubwereke bukulo usiku uno, ambuya akuti tenga koma usandipindire masamba. Malaiti abwera cha m'ma 22, ndadutsa pa chitseko chake ndamuona ali chigonere akutsata mizere ndi chala. Mawa tigawana tomato akagulitse naye, tiyambe kubweza K300 ija.