Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Pa Ntchafu Kapena Pamkono

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapita lija, makamaka amene munafunsa chifukwa chake ndilibe chipsera pamutu pomwe ndinachitidwa opaleshoni ya ubongo. Alamu anga ena anafunsapo zomwezi pagulu, ngati kuti matendawa ndinkangowakokomeza, ndipo mawu awo anandipweteka kwambiri.

Madokotala a ku Manchester sanang'ambe mutu wanga. Mtsempha wamagazi umene unatupa ngati kabaluni, vuto limene amalitchula kuti aneurysm, anaufikira polowetsa kachubu kopyapyala m'mitsempha, kenako anadzaza potupapo ndi timawaya ta platinum kuti magazi aundane. Ulendo woyambawo analowera pamwamba pa ntchafu. Nditatsitsimuka anandiuza kuti ndigone chagada kwa maola angapo osapinda mwendo, pamene mutu unkandiwawa kwambiri, msana utauma, ndipo ngakhale pofuna kutaya madzi ndinkadikira namwino kuti andibweretsere chiwiya pabedi pomwepo. Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale. Anamwino ankabwera pafupipafupi kudzaona pabalapo, chifukwa mtsempha wa pa ntchafu ndi waukulu komanso uli mkati, moti ukayamba kuchucha, magazi amatha kusonkhana kuseri kwa mimba munthu osaona kanthu kunja.

Zaka zinapita, ana anamaliza sukulu. Kenako chithunzi cha MRI chinaonetsa kuti timawaya tija tapanikizana ndipo magazi ayambanso kulowa. Panafunika kuika stent, kachubu kokhala ngati kaukonde kochirikiza mtsempha mkati, ndiponso kuti ndizimwa aspirin ndi clopidogrel, mankhwala amene amachititsa kuti magazi asaundane msanga. Apa ndi pamene dokotala anatchula zolowera pamkono, pamalo pomwe timavala wotchi.

Bambo a kunyumba anakana. Anati, "Mayi, njira imene inakupulumutsani musaisiye." Ine ndinasankha mkono, ndipo sindinachite izi mwachibwana. Madokotala a mtima akhala akudzera pamkono kuyambira pamene dokotala wina, Lucien Campeau, anayamba kutero ku Montreal m'dziko la Canada mu 1989. Dzanja limalandira magazi kuchokera m'mitsempha ikuluikulu iwiri, moti umodzi ukatsekeka winawo umatha kuperekabe magazi, ndipo pamkono pakatuluka magazi amaoneka nthawi yomweyo n'kupsinjidwa ndi kalamba. Kwa munthu womwa mankhwala ngati angawa, mfundo imeneyi inali yaikulu.

Sindikunena kuti mkono ndi wabwino kwa aliyense. Mtsempha wake ndi wopapatiza, umatha kukokana n'kugwira kachubu, ndipo mwa anthu ena umatsekeka pambuyo pake. Anandiuziratu kuti kachubu kakalephera kukhota polowera m'khosi abwerera pa ntchafu, choncho anakonza malo onse awiri. Kwa ine zinatheka, ngakhale mkono unandiwawa kwa masiku angapo. Madzulo a tsiku lomwelo ndinakhala tsonga n'kupita kuchimbudzi ndekha, ndipo bambo anasiya kunditsutsa. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za kumwa mankhwala aja, chifukwa nkhani yake nayo siinali yophweka.