Njovu yanga inalira kuti mee

Kwa apongozi anga, mbali ya kwa Chulu ku Kasungu, chimanga chikayamba kukhwima anthu sagona m'nyumba. Minda yawo ili kufupi ndi malire a nkhalango ya Kasungu, ndipo chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, nkhani ya pachitsime, pabawo ngakhale pamaliro ndi imodzi: usiku wathawu zalowa kwa yani? Ine zonsezi ndinkangozimvera pa wailesi ndili phee ku Area 25, komwe chilombo choopsa ndi galu wa aneba, amenenso mano anamuthera kalekale.

Mu Marichi 2023 mayi akunyumba anandiuza kuti zaka zitatu osaponda kwawo ndi chipongwe. Tinanyamuka. Pofuna kufafaniza mlanduwo, titatsika minibasi pa Kasungu ndinagula tonde wakuda bii, wandevu ngati mkulu wa mpingo. Tinakwera naye kabaza wa njinga yamoto: woyendetsa kutsogolo, tonde pakati, ine kumbuyo. Njira yonse ankanditembenukira n'kumandiyang'ana m'maso, ndipo pofika kumudzi jekete yanga inali itasanduka mbale wake pa fungo.

Ndinammangirira ndekha pamtengo wa mango. Mlamu wanga, kamnyamata ka Fomu 2, anati, "Alamu, bweretsani ndimange ine." Ndinakana. Munthu womanga tayi Lolemba mpaka Lachisanu ndingalephere mfundo ya mbuzi? Ndinamanga bwinobwino, mmene ndimamangira zingwe za nsapato.

Madzulo anandiphera nkhuku. Tikudya, ndinaona kuti maso a apongozi aamuna ali psuu. Anati atha masabata awiri akugona kuchilindo.

"Chinthu chija chikalowa, thukuta la chaka chonse limatha usiku umodzi," anatero akutema mbamu. "Chipukuta misozi palibe. Koma iweyo uyerekeze kuchipha, uona. Akuti mpaka zaka 30 kundende."

Sanali kukokomeza. Njovu yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 patsiku, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalangoyi muli mabanja omwe analira maliro chifukwa cha nyama zimenezi. Munthu wanzeru akanangogwedeza mutu, n'kupitiriza kuswa mafupa a nkhuku. Koma msuzi unali utandikwera m'mutu.

"Bambo, lero mupume. Kuchilindo ndipita ine."

Kunangoti zii. Apongozi aakazi, omwe mwamwambo sandilankhula maso ndi maso, anatuma mawu kuchokera kukhitchini kudzera mwa mwana wawo: "Tawafunsa bambo ako akunyumbawo ngati anagonapo panja." Ndinayankha kuti ndinagonapo kangapo, pamaliro ndiponso pamzere wa petulo. Mayi akunyumba anangopukusa mutu n'kuyamba kusonkhanitsa mbale.

Mlamu ndiye anandiperekeza. Chilindocho ndi kansanja ka mitengo kofoleredwa ndi udzu, chapakati pa munda. Anandipatsa zida: tochi, vuvuzela, chitini cha mafuta ophikira ndi ndodo yake, komanso timanjerwa tisanu ndi kamodzi toumbidwa ndi ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola wa kambuzi, touma gwaa. Ukaika kamodzi pamakala, utsi wake umayabwa m'chitamba, ndipo njovu, poti mphuno ndiye maso ake, imabwerera.

"Kamodzi kokha, alamu. Ndipo muyambe mwaona komwe mphepo ikulowera. Ngati ikupita kumudzi, musayatse."

"Ndamva."

"Komanso njovu poyenda simveka. Mapazi ake ali ngati anaika thonje. Mumangomva phesi kuthyoka, kapena kuguguda kwa m'mimba. Mukamva, musatsike. Menyani chitini."

Ndinati ndamva kachiwiri, koma maso anali pa foni, kusaka netiweki. Itagwira pang'ono ndinadzijambula nditanyamula vuvuzela, n'kuika pa WhatsApp kuti anzanga a kuofesi aone kuti ena tili pamzere wakutsogolo. Mlamu anabwerera. Udzudzu unandilandira ndi nyimbo. Ndinalimbana nawo mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako ndinati nditsamire pang'ono, msana upume.

Chimene chinandidzutsa ndi phokoso loti thyo!

Mwezi unali utalowa. Ndinamvetsera. Thyo! Kenako kutafuna, kutafuna kosafulumira, kwa chinthu chimene sichiopa munthu. Ndinasuzumira pansi ndipo ndinaona chimthunzi chakuda chikugwedeza mapesi. Fungo la chilombo linali ponseponse, lamphamvu, lapafupi kwambiri. Kuti ndikununkhiza jekete yanga yomwe, zimenezo zinandifikira mawa lake.

Tochi ndinali nayo. Sindinayatse, poopa kuti chingandione.

Ndinatsika pansanja, chinthu choyamba chimene anandiletsa, n'kuponya timanjerwa tonse tisanu ndi kamodzi pamakala. Mphepo sindinaifunse maganizo ake. Inali kuwomba kuchokera kunkhalango, kudzera pankhope panga, kulunjika kumudzi. Abale anga, kambuzi timamudziwa m'mbale. M'mapapo ndi nkhani ina. Ndinaika vuvuzela pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi kulira kwa bakha wodwala chitopa. Chitini ndinachiponda mumdima n'kugwa nacho. Kenako mawu anabwera okha, mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo:

"Njovuuu! Mayooo! Njovu kunooo!"

Ndinathamangira mtengo woyandikira n'kukwera. Pano ndikudziwa kuti kukwera mtengo pothawa nyama imene imazula mitengo pongofuna kadzutsa ndi nzeru ya m'tauni. Ndikudziwanso kuti mtengowo unali mthethe. Minga yake sindinaimve pokwera. Ndinangomva kuti kwee! kumbuyo, n'kuyamba kumva kamphepo pamalo amene kamphepo sikafika.

Mudzi wa kumalire suchedwa. Posakhalitsa ndinaona miuni ikubwera, zitini zikulira, mapoto, malikhweru, agalu, amuna kutsogolo, amayi kumbuyo akukuwa. Onsewo analowa molunjika mu utsi wanga. Phokoso lothamangitsa njovu linasanduka chikhosomolo cha mudzi wonse. Anyakwawa anayetsemula kasanu motsatizana mpaka chipewa chinagwa. Agalu, omwe ndi anzeru, anabwerera kwawo.

"Ili kuti?" apongozi anafunsa uku akupukuta misozi.

"Apo, bambo! Pansi apo!" ndinayankha ndili m'mwamba.

Matochi onse analoza malo amodzi. Pakati pa mapesi panaima tonde wanga, chisononkho chili kukamwa, chingwe chikukwekwereka pambuyo. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, anameza, n'kunena kuti, "Mee."

Sindinamvepo anthu akuseka uku akutsokomola ngati usiku umenewo. Wina anachita kukhala pansi pamzere. Mlamu anatola chingwe, n'kuchiunika ndi tochi kuti aliyense aone kamfundo kanga kokongola ka nsapato, komwe kanali katamasuka mbali imodzi.

Vuto linatsala linali kutsika. Thalauza inali itang'ambika kuchokera palamba mpaka pabondo, ndipo pansi pa mtengo, pakati pa gulu, panali apongozi aakazi. Anthu awiri amene tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire, lero tinakumana chonchi, ine ndili pamwamba. Mayiwo sananene kanthu. Anatembenuka n'kundipatsa msana, anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchipereka kwa mlamu.

"Kawapatse bambowo. Kukuzizira."

Ndinabwerera kumudzi nditavala chitenje cha amayi a kumpingo, chokhala ndi vesi kumbuyo, tonde akunditsogolera. Mayi akunyumba anatha ola lathunthu akundizula minga ndi singano, ndipo minga iliyonse ankaiwerenga mokweza.

Kutacha, apongozi anati tikaone zimene zaonongeka. Tonde anali atadya zisononkho zinayi. Ndinayamba kupepesa, koma iwo anali atapitirira kumapeto kwa munda, mbali ya kunkhalango, komwe anabzala maungu. Anandikodola.

Maungu kunalibe. Mizere itatu ya chimanga inali itagona pansi. M'dothi lonyowa munali mapazi ozungulira, lililonse ngati lichero, ndipo pambali pake panali mulu wa ndowe, ntchentche zikuchita phwando. Apongozi anagwada n'kuloza ndi kamtengo: timapazi ta tonde tinali pamwamba pa mapazi akuluwo.

"Iyi inayamba kubwera. Inadya, inakhuta, inapita. Mbuzi yabwera pambuyo."

Ndinayesa mtunda kuchokera pamenepo kukafika pachilindo. Mapazi anga makumi awiri ndi atatu. Miyendo inayamba kunjenjemera, ndipo ndinakhala pansi osaona kuti ndakhalira chiyani.

"Nanga bwanji sinalowe mkati, bambo?"

Anayamba aganiza kaye, akukanda chibwano.

"Pobwera kudzakuonani cha pakati pa usiku, mlamu wanuyu anabwerera panjira. Akuti anamva kuguguda kuchokera pachilindo. Ndiye kuti nayonso inamva nkonono womwewo, n'kuganiza kuti munda uno wafika kale mwini wake wamkulu."

Tonde uja sanamuphe. Apongozi anati nyama yodzutsa mudzi wonse siyodyera nsima, ndipo ana anamupatsa dzina limene lamukakamira mpaka lero. Pa Khirisimasi yapitayi mlamu anandiimbira foni, ine ndili pakati pa anzanga, foni ili pa sipika.

"Alamu, bambo akuti ndikuuzeni kuti njovu yanu ija yabereketsa ana anayi. Akufunsa ngati mubwere kudzawamangirira."