Mabwato a pa tchuthi pa mtsinje wa Thames m'zithunzi zakale

Mwa zithunzi zakale za mtsinje wa Thames ku England, zimene sinditopa kuziyang'ana ndi za pa Boulter's Lock, pafupi ndi tauni ya Maidenhead, zojambulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Pamalowa pali zitseko zikuluzikulu zotsekera ndi kutsegulira madzi kuti mabwato akwere kapena atsike mtsinje, ndipo Lamlungu lotsatira mipikisano ya akavalo ya ku Ascot, m'mwezi wa Juni, mabwato ankathithikana pakati pa zitsekozo mpaka madzi osaoneka. Abambo avala zipewa zoluka ndi majekete amizeremizere, amayi ali m'madiresi oyera ofika m'mapazi, maambulera ali kumanja, pomwe kumtunda kwaima chikhamu chimene chabwera kudzaonerera basi.

Chimene chimasowa m'zithunzizi ndi katundu. Kwa zaka mazanamazana Thames unali msewu wa ngalawa zonyamula malasha, matabwa ndi tirigu, koma njanji ya Great Western Railway, imene inafika ku Maidenhead mu 1838, inalanda malondawo pang'onopang'ono. Njanji yomweyo ndi imene inayamba kututa anthu a mu London pa siteshoni ya Paddington n'kukawatula m'mbali mwa mtsinje, kotero kuti eni mabwato anapeza phindu latsopano pobwereketsa mabwato kwa alendo. Kampani ya Salter ya ku Oxford inayamba kuyendetsa sitima za pamadzi pakati pa Oxford ndi Kingston mu 1888, komanso inkalola munthu kubwereka bwato, kulipalasa masiku angapo kutsika mtsinje, n'kulisiya kumene ulendo wathera kuti eni ake akalitenge.

Mabwato ogonamo ndi amene amandisangalatsa koposa. Madzulo ankazika zitsulo zopindika m'mbali mwa bwato n'kuyalapo lona, bwatolo n'kusanduka tenti yoyandama, ndipo pa zithunzi zina ketulo ili pamoto pagombe, nkhafi zili pa udzu. Palinso mabwato aphwatalala oyendetsa pokankha pansi ndi mtengo wautali, monga achitira asodzi a pa nyanja ya Chilwa, kungoti awa ankayalamo mapilo.

Zithunzi zambiri za mtsinjewu anajambula ndi Henry Taunt wa ku Oxford, amene anamwalira mu 1922, ndipo iye ankazigulitsa ngati mapositikhadi ndi m'mabuku otsogolera alendo. M'maganizo mwanga n'chifukwa chake mvula siioneka kawirikawiri, ngakhale kuti dzikolo ndi lamvula, pakuti wamalonda sangajambule chimene chingathawitse ogula. Saonekanso kwenikweni anthu amene ankakhoma mabwatowo, kuwapaka vanishi ndi kuwabweza kwawo. Wantchito wamba wa m'fakitale akafika pamtsinje linali tsiku limodzi lokha, chifukwa lamulo la 1871 linangopereka masiku anayi opuma pachaka ku England, ndipo lamulo lokhudza tchuthi cholipidwa linadza mu 1938.